Kwa asisi, za mawu a Chingerezi onena kayendedwe

Asisi, mwaswera bwanji? Ndaumva uthenga wanu uja, woti aphunzitsi amuuza mwana wathu kuti asamangolemba walk paliponse mu composition, ndiye mukufunsa kuti stroll, stride, stagger ndi trudge zikusiyana pati. Muitaneni amvere nawo, poti mayeso a Grade 12 a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso kuno ku Zambia, sali patali.

Choyamba adziwe kuti pa Chingerezi mneni mmodzi amaonetseratu mmene thupi la munthuyo lilili, nthawi zina mpaka za mumtima mwake. Ndiye asanasankhe mawu, ayambe wamuona munthuyo m'maganizo. Watopa? Wakondwa? Wavulala? Akatero mawu abwera okha.

Stroll ndi kuwongola miyendo, kupitidwa mphepo. Anthu aja mumawaona ku Manda Hill Loweruka madzulo, sakugula kanthu, akungocheza uku akusuzumira m'mashopu. Palibe chowathamangitsa. Stride ndi zina. Imani pa Cairo Road m'mawa, muone bambo watsika basi pa Kulima Tower, akuponya miyendo patalipatali, mutu uli chilili, akudziwa komwe akupita. Ameneyo ndiye stride. Apa achenjere: zikakhala zadzulo amalemba strode, osati strided. Ana ambiri amataya mamalikisi pamenepa.

Tsopano stagger ndi limp, izi ndimafuna azigwire bwino chifukwa zimasokoneza. Limp ndi kutsimphina. Mwendo umodzi ukuwawa, kaya waponda msomali kaya wabinya pa mpira, koma mutu uli bwinobwino ndipo akupita molunjika. Stagger ndi kudzandira, thupi lonse kupepera uku ndi uku ngati agwa pompano. Anthu amaganiza kuti ndi za oledzera okha, ayi. Wodwala malungo akadzuka pabedi ali ndi chizungulire amatero, wonyamula thumba la ufa la 25 kg lomwe lamukulira amateronso. Ndiye akalemba za agogo amene bondo likuwavuta, asawapatse stagger, owerenga aganiza kuti agogowo alawa kachasu. Pamenepo ndi limp, kapena hobble ngati ululu wanyanya mpaka akuyenda movutikira kwenikweni.

Trudge ndi mawu amene ine amandikhudza. Ganizirani mayi woti wachokera ku Soweto Market m'bandakucha, dengu la tomato pamutu, mwana kumsana, ya basi palibe, wapansi mpaka ku Kanyama. Miyendo yalemera, phazi lililonse akuchita kulikoka, koma sakuima chifukwa kunyumba akumudikira. Ukalemba kuti she trudged home, kutopa konseko kwalowa kale, palibenso chifukwa chowonjezera slowly. Ndipo mvula ikagwa mu January, madzi n'kudzaza m'misewu ya ku Kanyama kufika m'mawondo, kuyenda m'madzi kumeneko ndi wade.

Enawa ndi osavuta. Tiptoe ndi kunyang'ama, kuyendera zala kuti khanda lisadzuke. Shuffle ndi kukhwekhwereza mapazi osawanyamula. March ndi kuguba, monga amachitira achinyamata pa Youth Day, pa 12 March. Pace ndi kuzungulirazungulira pamalo amodzi mtima uli m'mwamba, mmene amachitira bambo panja pa chipatala mkazi wake ali mu labour ward.

Eya, ndisanaiwale, wander ndi wonder. Wander, wa a, ndi kuyendayenda kopanda kolowera. Wonder, wa o, ndi kudabwa kapena kudzifunsa. Chilembo chimodzi chokha, koma wochonga mayeso sachikhululukira.

Ndipo chonde asawathire onse m'nkhani imodzi pofuna kuonetsa kuti akuwadziwa. Awiri kapena atatu oikidwa pamalo pake akwana, kwinako walk ndi wabwinobwino. Usiku uno alembe ziganizo zisanu za anthu amene wawaona lero pamsewu wa kwanuko, azitumize pagulu pompano, ndizichonga ndikaweruka. Mundipatsire moni alamu.