Positi yanu ya pa Mastodon sikuoneka pa hashtag? Yang'anani apa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake positi yanu ya chipinda cha lendi ku Rosettenville sikupezeka kwa anzanu a pa seva zina (makompyuta osiyanasiyana amene anthu amatsegulirapo akaunti za Mastodon) pomwe munaikapo #Johannesburg, komanso ngati pa Mastodon pali magulu onga a pa Facebook.

Yambani mwaona mmene munaitulutsira. Mastodon ili ndi njira 4. Public imaonekera aliyense ndipo ndi yokhayo imene imalowa m'ma hashtag. Quiet public, yomwe kale inkatchedwa Unlisted, imaoneka pa tsamba lanu ndi kwa okutsatirani, koma wodina hashtag saipeza ngakhale pang'ono. Ambiri amakodwa pamenepa. Followers only ndi ya okutsatirani okha, ndipo iwo sangaichite boost (kuifalitsanso kwa anthu owatsatira). Private mention imapita kwa amene mwawatchula ndi @. Positi ikatuluka, Edit sisintha zimenezi, ndiye dinani Delete & re-draft, musankhe Public, muitumizenso.

Ngati inali kale Public, vuto ndi kayendedwe ka mapositi. Kulibe kompyuta imodzi yosunga zonse. Nthawi zambiri seva iliyonse imangodziwa mapositi a anthu ake ndi amene afikako chifukwa wina wa pa sevayo amatsatira wolembayo, kapena amatsatira munthu amene wachita boost. Akaunti yatsopano imene palibe woitsatira wa kunja, positi yake nthawi zambiri imangokhala pa seva yake, ngakhale muike ma hashtag 10. Chochita n'chakuti mutumizire mnzanuyo linki ya positiyo, aimate mu Search pa seva yake. Sevayo ikaikoka, achite boost, basi yafika kwa omutsatira onse. Ikakana kubwera, mwina oyang'anira seva ziwirizo anatsekerana.

Hashtag isakhale ndi mpata kapena kamzere: #Park-Station imathera pa Park, lembani #ParkStation. Kuyambira mu 2022 munthu amatha kutsatira hashtag ngati akaunti, koma amaona zokhazo zimene zafika pa seva yake.

Magulu enieni Mastodon ilibe. Amene amatchedwa magulu ndi akaunti, monga za pa Friendica kapena Lemmy (mapulogalamu ena olumikizana ndi Mastodon), zomwe zimafalitsa kwa mamembala positi iliyonse yozitchula. Tsatirani akauntiyo, muitchule ndi adiresi yake yonse, @dzina@seva, positiyo ikhale Public. Mukaika Followers only gulu silingaifalitse.

Chimene ndikupemphani kwambiri: adiresi ya nyumba musaiike pa Public, kuno ku Joni tikudziwa mmene zimathera. Tchulani dera ndi mtengo wa lendi basi. Private mention nayonso si chinsinsi chenicheni, oyang'anira seva yanu ndi ya wolandirayo angathe kuwerenga, ndipo mukatchula munthu wachitatu ndi @ mkati mwake, nayenso imamufika. Munthu akaonetsa chidwi, pitirizani nkhaniyo pa WhatsApp kapena Signal.