Funsani Alangizi: Mphoto kwa antchito a m'khola la nkhumba iyendere chiyani?

Mwezi uno talandira makalata awiri ochokera m'mafamu a nkhumba a m'boma la Blantyre, ina ya woyang'anira famu, ina ya wantchito wa m'khola. Ngakhale achokera ku mafamu osiyana, nkhani yawo ikukumana, choncho tawayankha pamodzi.

Alangizi,
Ndine bambo woyang'anira famu ya kampani ina yoweta nkhumba zamalonda kufupi ndi Lunzu. Timaweta mitundu ya Large White ndi Landrace, ndipo antchito athu ali m'zigawo zitatu: khola lokweretsera, khola loswera ndi khola lonenepetsera. Eni kampani akufuna kuti tizipereka mphoto kwa wantchito amene m'chigawo chake simunadwale kapena kufa nkhumba mwezi wonse, ndipo amene zamufera azidulidwa malipiro. Mtima wanga ukukayika, koma ndikusowa mfundo zokawauza. Chinanso, tiana tathu tikufa tambiri tisanasiye kuyamwa, makamaka m'nyengo yozizira, komanso chigodola chimatisowetsa tulo. Kodi tichite chiyani?
*Woyang'anira famu, Lunzu*

Bambo, kukayika kwanuko kuli ndi maziko, ndipo ndikukupemphani kuti mukakambirane ndi eni kampani ndondomekoyi isanayambe. Cholinga chawo chothokoza antchito ndi chabwino kwambiri, koma muyeso umene asankha ungathe kupulula khola lonse. Munthu woyamba kudziwa kuti nkhumba yadwala ndi amene amalowa m'khola mbandakucha ali ndi tsache ndi ndowa. Iyeyo ndiye amaona kuti chakudya cha dzulo chatsala m'chodyera, kuti nkhumba imene imathamangira kuchitseko ikamva kulira kwa wilibala lero yangogona pakona, kapena kuti ndowe zasintha maonekedwe. Dokotala wa ziweto amaitanidwa wantchitoyo atalankhula, ndipo inuyo mumadziwa zokhazo zimene wakuuzani. Mukamuuza kuti nkhumba ikadwala mphoto yamuphonya, ikafa malipiro adulidwa, mwamupatsa chifukwa chokhalira chete. Adzaibaya jakisoni wotsala mwakabisira n'kumayembekeza kuti ichira, adzakwirira kamwana kakufa inu musanafike, ndipo m'buku adzalemba kuti zonse zili bwino. Sikuti adzatero chifukwa choipa mtima ayi. Nayenso lendi ndi fizi za ana zikudikira malipiro omwewo.

Pa matenda ena kuchedwa masiku awiri kumangowonjezera ndalama zogulira mankhwala, koma pa chigodola cha nkhumba masiku awiriwo angachititse kuti mutaye famu yonse m'malo motaya chipinda chimodzi. Matendawa, omwe adalembedwa koyamba ku Kenya mu 1921 ndipo mu 2018 adafika ku China n'kupha nkhumba mamiliyoni ambiri, alibe mankhwala, komanso kuno kwathu kulibe katemera wake. Akalowa mwamphamvu amapha pafupifupi nkhumba zonse zimene zagwidwa, kawirikawiri pasanathe masiku 10 zizindikiro zitayamba kuoneka. Wantchito aliyense, ngakhale mlonda wa pageti, azidziwe pamtima zizindikirozo: kutentha thupi kopitirira madigiri 40, kukana kudya, kuunjikana malo amodzi, kufiira kwa makutu, mimba ndi miyendo, komwe kumaoneka msanga pa nkhumba zoyera ngati zanuzo, kutsegula m'mimba kwa magazi, ndi kutaya bere kwa zazikazi. Zikangooneka, pasatuluke kapena kulowa nkhumba iliyonse pafamupo, ndipo ofesi ya boma yoona za ziweto iuzidwe tsiku lomwelo kuti akatswiri adzatenge zokayeza. Mchitidwe woitana mabutchala usiku kuti atengeretu zimene zikuoneka zamphamvu ndi umene umafalitsa matendawa dera lonse, pakuti kachilombo kake kamakhala ndi moyo m'nyama kwa miyezi ingapo. Nkhumba yakufa ikwiriridwe m'dzenje lakuya kapena kutenthedwa, ndipo pasapezeke wotengako ndiwo.

Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 adaonetsa kuti ku Mchinji kachilomboka kamasungika m'nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola, koma pafamu ya simenti ngati yanu kamabwera kwambiri ndi mapazi, matayala, nyama ndi nkhumba zachilendo. Wogula amene m'mawa womwewo walowa m'makola ena atatu ndi nsapato zomwezo ndi chingwe chomwecho asamadutse mpanda. Mangani malo okwezera nkhumba kunja kwa geti ndipo galimoto yake izithera pamenepo. Nkhumba yatsopano ikhale payokha masiku 30, mphongo isabwerekedwe kapena kubwereketsedwa, ndipo zotsala za m'malesitilanti zisalowe n'komwe. Ndikupemphaninso kuti mawa mukayang'ane mankhwala opondamo omwe ali pakhomo pa khola. M'mafamu ambiri mumapezeka madzi amatope a sabata yatha, omwe sapha kachilombo kalikonse chifukwa matope ndi ndowe zimafooketsa mankhwala. Majombo ayambe atsukidwa ndi bulashi kenako apondedwe m'mankhwala osukunulidwa kumene motsatira muyeso wolembedwa pabotolo.

Za tiana takufato, ambiri mwa ana a nkhumba amene amafa asanasiye kuyamwa amafa m'masiku atatu oyamba, ndipo zifukwa zake zimakokana: kuzizidwa, njala ndi kugoneredwa ndi make. Kamwana ka nkhumba kamabadwa kopanda mafuta okwanira m'thupi ndiponso kopanda ubweya woti n'kukafunditsa, motero kamafuna malo otentha pafupifupi madigiri 30. M'mwezi wa Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Blantyre, kamwana kozizidwa kamakanirira pamimba pa make kufuna kutentha, kamafooka n'kulephera kulimbirana bere, ndipo make akamatembenuka kamakanika kuthawa. M'mawa wantchito amalemba kuti chagoneredwa, pamene chinayambitsa ndi chisanu. Choncho chipinda chilichonse choswera chikhale ndi kabokosi ka tiana koyalamo udzu wouma, kokhala ndi nyali yotenthetsa, ndipo mukonzeretu njira ina yodalirika yofunditsira magetsi akazima. M'mbali mwa khoma muike zitsulo kapena mitengo yopingasa kuti make akamagona tiana tizikhala ndi pothawira.

Popeza bere la nkhumba limatenga masiku 114, omwe alimi amawakumbukira kuti miyezi itatu, masabata atatu ndi masiku atatu, palibe chifukwa choti kuswa kuzikudzidzimutsani ngati tsiku lokweretsa linalembedwa. Usiku woswa pazikhala munthu wopukuta kamwana kalikonse, kukachotsa zomata pamphuno ndi kukaika pabere kuti kayamwe mkaka woyamba m'maola oyambirira, chifukwa mkakawo ndi umene umakapatsa chitetezo ku matenda, ndipo pakatha tsiku limodzi matumbo ake saulandiranso bwino. Pofika tsiku lachitatu tiana tibayidwe jakisoni wa ayironi, poti tokulira pasimenti tilibe dothi loti tifukule ndipo mkaka wa make uli ndi ayironi wochepa. Make woyamwitsa amamwa malita 20 mpaka 30 a madzi patsiku, ndipo akasowa madzi mkaka umatsika. Ntchito yonseyi imagwiridwa pa ola limene bwana ali m'tulo, n'chifukwa chake ndikunena kuti munthu wa usiku wa m'khola loswera ndi mmodzi mwa oyenera kuyamikiridwa kwambiri, ngakhale kuti ndi amene amaiwalika msanga.

Kukhola lokweretsera nako kumatayika ndalama mwakachetechete. Yaikazi ikasiyitsa ana imafunanso mphongo pakatha masiku anayi mpaka asanu ndi awiri, ndipo wantchito akaphonya nthawiyo muyenera kudikira masiku ena 21. Nkhumba yodya makilogalamu awiri ndi theka patsiku imamaliza thumba lonse la makilogalamu 50 m'masiku amenewo popanda kukubwezerani kanthu. Famu yoyendetsedwa bwino imaswetsa yaikazi iliyonse kawiri kapena kuposerapo pang'ono pachaka, ndipo zimenezi zimadalira diso la munthu amene amadutsitsa mphongo m'khola m'mawa ndi madzulo n'kukanikiza msana wa yaikazi kuti aone ngati yaima nji. Kukhola lonenepetsera nkhani yagona pa chakudya, chomwe chimatenga gawo lalikulu la ndalama zonse zowetera nkhumba: chisamatayike pansi, madeya achuku asalowe m'chosakaniza, ndipo sikelo izigwira ntchito. M'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumbukirani kuti nkhumba situlutsa thukuta loiziziritsa, motero imafuna mthunzi, mphepo yodutsa m'khola ndi madzi osatha.

Tsono kwa eni kampani mukanene kuti mphoto iyendere zinthu zimene wantchito angathe kuzisintha ndi manja ake. A m'khola loswera ayesedwe ndi chiwerengero cha ana osiyitsidwa kuyamwa pa make aliyense, a kokweretsera ndi kuchuluka kwa zazikazi zimene zagwira bere, a konenepetsera ndi kulemera kwa nkhumba poyerekeza ndi matumba amene zadya. Chigawo chilichonse chifanizidwe ndi mmene chinachitira nyengo ngati yomweyo chaka chatha, chifukwa kupikisanitsa khola loswera ndi lonenepetsera pa nkhani ya imfa n'kupondereza oswetsa, omwe ana amawafera ngakhale atayesetsa chotani. Ndalama ya mphoto ndi bwino igawidwe kwa gulu lonse la chigawocho, kuphatikizapo otsuka ndi a usiku. Mwambo woti bwana yekha aziloza wantchito mmodzi pamwezi umabala kaduka ndi manong'onong'o a kukondera, ndipo anthu amasiya kuthandizana pa ntchito yoti munthu mmodzi sangaithe. Pamwamba pa zonsezo pakhale mphoto yapadera ya amene wanena msanga za nkhumba yokayikitsa, ndipo aziyamikiridwa ngakhale dokotala atapeza kuti sichinali chigodola. Mlonda amene wabweza galimoto ya wogula pageti, ngakhale wogulayo ndi mnzawo wa eni kampani, atchulidwe dzina pamsonkhano wa antchito onse.

Kuyamikira sikuthera pa envelopu. Satifiketi yosainidwa, kalata yoikidwa m'failo, kutumizidwa kukaphunzira zoweta, ndi kukwezedwa pa udindo mpata ukapezeka m'malo mokatenga munthu wakunja, zonsezi zimamuuza wantchito kuti ali ndi tsogolo pafamupo. Komabe mphoto sigwira mtima ngati malipiro akuchedwa kapena majombo abooka. Lamulo la za ntchito la Employment Act la mu 2000 limaika maola 48 pasabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo maola opitirira apo ayenera kulipiridwa ovataimu. Munthu amene wachezera usiku kuswetsa nkhumba alandire kaye zake zimenezo asanamve za satifiketi.

Alangizi,
Ndimagwira ntchito m'khola loswera pafamu ina ya ku Mpemba. Abwana atilamula kuti tisamawete nkhumba kunyumba ndiponso tisamabwere ndi nyama ya nkhumba pa nkhomaliro. Ine ndili nazo ziwiri zomwe zimandithandiza fizi. Mwezi watha tiana tinayi tidagoneredwa usiku ine kulibe, koma andidula malipiro. Kodi zimenezi n'zachilungamo?
*Wantchito wa m'khola, Mpemba*

Achimwene, pa lamulo la nkhumba za kunyumba abwana anu akulondola, ngakhale ndikudziwa kuti n'lopweteka. Nkhumba za pakhomo zimakumana ndi za aneba, zimadya zotsala, ndipo inu mungathe kunyamula kachilombo ka chigodola pansapato kapena pazovala osadziwa. Kachilomboka sikadwalitsa munthu, koma kachidutswa ka nyama yosapsa bwino kogwera m'khola kangathe kutseketsa famu, ndipo ikatsekedwa ntchito yanu ndi ya anzanu yathera pomwepo. Chimene mungapemphe, makamaka mutagwirizana ndi anzanu, n'choti kampani ikupatseni nthawi yokwanira yogulitsa pamtengo wabwino, komanso ikuthandizeni kuyamba chiweto china monga mbuzi kapena nkhuku, zomwe sizigwidwa ndi chigodola cha nkhumba. Bwana wanzeru savuta pa pempho lotere, chifukwa akudziwa kuti wakulandani njira yopezera ndalama pofuna kuteteza chuma chake.

Za kudulidwa malipiro ndi nkhani ina. Lamulo la za ntchito lomwe ndatchula lija sililola bwana kulipitsa wantchito chindapusa ngati chilango, ngakhale limalola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Funso tsono n'lakuti kodi zaonetsedwa kuti ndinu amene mudachititsa imfa ya tianato, pamene simunali pantchito usikuwo. Lembani kalata yaulemu yopempha kuti akufotokozereni chifukwa chake molemba, tchulani tsiku ndi amene anali pantchito malinga ndi buku la m'khola, ndipo sungani kope la kalatayo pamodzi ndi pepala la malipiro a mweziwo. Ngati sizikutheka pafamupo, pitani nazo ku ofesi ya zantchito ya boma la Blantyre, komwe amaitana mbali zonse ziwiri kuti zikambirane, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imatha kupita ku khoti loona za maubale a pantchito. Pamene mukudikira, pitirizani kulemba m'buku kamwana kalikonse kobadwa ndi kakufa monga zachitikira, ndipo muwasonyeze abwana zipinda zimene zilibe kabokosi ka tiana kapena zopingasa m'mbali mwa khoma.