Kusiya GS n'kutenga Africa Twin: yankho kwa achimwene a ku Joni

Achimwene, mwati muli ndi njinga yamoto ya BMW R1200GS ya 2014, mabilu a ku galaja akutopetsani, ndipo mukufuna kuigulitsa mugule Honda Africa Twin musananyamuke ulendo wa Disembala wochoka ku Joni kupita kwanu ku Neno. Funso lanu ndi loti kodi simudzanong'oneza bondo. Ine njinga zonse ziwirizi ndakhala nazo, GS poyamba, Africa Twin panopa, ndipo sindidandaula. Komabe sindigwirizana ndi anzathu amene angoyankha kuti "sinthani basi", chifukwa nkhani ya mabiluyo payokha si yokwanira kusinthira njinga. Chimene chiyenera kugamula ndi msewu umene mumayendamo komanso amene mumanyamula kumbuyo.

Tiyambe ndi ndalamazo. N'zoona kuti buku la Honda limakupatsani mpata wotalikirapo: oyilo pa makilomita 12,000, mavalavu pa 24,000, pamene GS yanu imafuna sevisi pa 10,000 ndi mavalavu pa 20,000. Koma onani mmene injinizo zinakhalira. Ya GS masilinda ake ali panja, ina uku ina uku, makaniko amangomasula chivindikiro n'kuona mavalavu atakhala pa kampando. Ya Africa Twin inabisala pansi pa thanki, ndiye kuti aifike amayamba wachotsa mapulasitiki, thanki ndi zina zambiri, ndipo maola onsewo mudzalipira ndinu. Pamwamba pa apo pali tcheni ndi masipuloketi, zimene GS ilibe, zofunika kugula zatsopano mukayenda makilomita 25,000 kapena 30,000 ngati mumasamala. Ndiye pali ndalama ina imene anthu amaiwala kuwerengera: mabokosi a katundu ndi zitsulo zake, zitsulo zoteteza injini njinga ikagwa, chitsulo cha pansi pa injini, choikapo GPS, zonsezi za pa GS sizilowa pa Honda. Standi yapakati nayo pa Africa Twin zambiri imakhala yogula padera. Mukaphatikiza ndi ndalama imene mutaye pogulitsa mwachangu, mupeza kuti mwalipiriratu masevisi a GS a zaka zingapo. Ku Gauteng ma GS ndi ambirimbiri, ndipo amakaniko odziimira paokha odziwa njinga imeneyi aliponso. Ngati vuto ndi bilu yokha, yambani mwafufuza amenewo.

Pali mawu enanso amene anzathu ena anena, oti Honda ndi yabwino chifukwa masipeya ake amapezeka kwathu. Izi musazidalire. Njinga zimene zadzaza ku Ndirande, ku Limbe ndi ku Mchesi ndi zakabaza, zazing'ono, ndipo masipeya a m'mashopu ndi a zimenezo. Tcheni cha Africa Twin ndi cha saizi 525, pamene cha kabaza nthawi zambiri ndi 428. Mabuleki, fyuluta, masensa, zonsezi mukazifuna muli ku Neno mudzaitanitsa ku Joni ndithu, zibwere pa basi, chimodzimodzi ndi za BMW. Kusiyana kuli pa luso la manja. Mnyamata wokonza njinga pa Mwanza boma amadziwa kukunga tcheni, kumata chubu, kuwongola masipoko. Shafiti ya GS, chitsulo chimene chimazungulitsa teyala lakumbuyo m'malo mwa tcheni, ikavuta, kapena kompyuta yake ikayamba kulemba zinthu pa galasi, iyeyo sangakuthandizeni, mudzafunika lole. Phindu lake ndi limeneli, ndipo ndi lenileni, koma si loti sipeya ili pa shelefu.

Tsopano chifukwa chimene ine ndinasinthira, chimenenso ndikuona kuti chikukukhudzani, ndi mateyala. GS ili ndi teyala la mainchesi 19 kutsogolo ndi 17 kumbuyo. Africa Twin wamba ili ndi 21 kutsogolo, lopyapyala, ndi 18 kumbuyo, komanso mashoko ake amapita patali, akutsogolo mamilimita 230. Pa phula kusiyanaku simukuona kwenikweni. Koma mukangosiya msewu wa Mwanza n'kuyamba kukwera mapiri a ku Neno mvula itagwa, m'mene madzi akumba ngalande pakati pa msewu ndipo matayala a malole asiya mikwasa yakuya, teyala la 21 limakwera m'mphepete mwa mkwasa n'kutuluka, pamene la 19 limakonda kutsatira mkwasawo kukafika kumene iwo ukufuna. Pa mchenga chimodzimodzi. Pa sikelo njingazi sizisiyana kwambiri, Africa Twin ya 2016 ndi makilogalamu 232 itadzaza mafuta, GS yanu pafupifupi 238, koma Honda ndi yopyapyala pakati pa miyendo, ndipo ukaimirira pa zopondera imamvera ngati njinga yaing'ono. Mantha a dothi lofiira lonyowa anandichepera nditakwera imeneyi.

Koma kumbukirani kuti ku Neno mukafikako mutayenda kale makilomita oposa 1,600 a phula: N1 mpaka Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Pa mtunda umenewo GS ndi mfumu, ndipo apa ndi pamene mudzaisowe. Mphamvu zake ndi mahatchi 125, pamene Africa Twin ya injini ya 1000cc ili ndi 94 kapena 95. Mukamapitirira malole atatu ondondozana pakati pa Masvingo ndi Chivhu muli ndi katundu wodzaza, pa GS mumangopotokola dzanja, pa Honda mumayamba mwatsitsa giya n'kuwerengera bwino mtunda. Galasi lotchinga mphepo pa GS limakwezeka ndi dzanja limodzi, la Africa Twin yoyambirira ndi lokhazikika ndipo anthu aatali mphepo imawagwedeza chisoti. Chishalo cha Honda ndi chopapatiza, chabwino poimirira, chowawa mukakhalapo tsiku lonse. Ndipo ngati GS yanu ili ndi cruise control, chipangizo chosunga liwiro popanda inu kupotokola dzanja, dziwani kuti Africa Twin ya 1000, imene amaitcha CRF1000L, ya 2016 mpaka 2019 ilibe. Inayamba ndi Africa Twin ya 1100, CRF1100L, mu 2020. Dzanja lamanja lidzakuuzani lokha musanafike Polokwane.

Simunanene ngati alamu amakwera nawo. Ngati amakwera, afunseni iwo musanasaine chilichonse, ndipo akakhale kumbuyo pa ulendo woyeserera. Mpando wakumbuyo wa GS ndi wotakata, mashoko ake amanyamula anthu awiri ndi mabokosi popanda kukomoka. Africa Twin ya 1000 ikalemedwa kumbuyo imakhala pansi, kutsogolo n'kupepuka, ndipo ambiri amene amayenda awiri amasintha sipuling'i yakumbuyo. Kwa munthu woyenda ndi mkazi wake pa phula amene wangotopa ndi BMW, ine ndingamulozere Yamaha Super Ténéré. Ili ndi shafiti ngati GS, thanki ya malita 23, mavalavu amaonedwa pa makilomita 40,000. Ndi yolemera, pafupifupi makilogalamu 260, ndiye m'matope si bwenzi lanu, koma pa msewu wautali siidandaula.

Za tcheni ndinene mwachidule. Pa GS munazolowera kufika, kuzimitsa, kukagona. Pa Honda mukafika pogona mumayamba mwagwada, kupukuta fumbi, kuthira mafuta a tcheni, kuona ngati chalefuka. Mvula ikakunyowetsani tsiku lonse, muchite zimenezi tsiku lomwelo. Ndi mphindi zochepa, koma ena zimawanyansa, ndipo munthu amene zimamunyansa amadula tcheni msanga.

Nkhani imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi ya machubu. GS yanu ilibe chubu. Msomali ukalowa, mphepo imatuluka pang'onopang'ono, mumaima bwinobwino, kuzula msomali, kulowetsa kachingwe komata kaja, kupopa, n'kumapita, teyala lili pa njinga pomwepo. CRF1000L zonse ndi za machubu. Tayerekezani mwaponcha teyala lakumbuyo pakati pa Changara ndi Tete masana a Disembala, kumene dzuwa limatentha mpaka chitsulo cha sipanala osagwirika. Mumatsitsa mabokosi, kukweza njinga pa standi, kumasula nati yaikulu ya ekiselo, kukankhira teyala kutsogolo kuti tcheni chichoke, kulitulutsa osapinda diski ya buleki. Ndiye ntchito yeniyeni ndi yolekanitsa mphira ndi limu, chifukwa teyala la 150 lomwe layenda mtunda wautali limamatirira kolimba, ena amachita kuliponda ndi standi ya njinga ya mnzawo. Pobwezeretsa, chitsulo chotsegulira chikangotsina chubu chatsopano, mwayambiranso. Choopsa kwambiri n'chakuti chubu chikaboola mphepo imatha kuthera kamodzi, ndipo ikakhala ya kutsogolo muli pa liwiro, handulo imalimbana nanu. Chubu cha mainchesi 21 mwina mungachipeze kwathu, poti njinga za alangizi ndi za mabungwe ngati Yamaha DT zimagwiritsa saizi imeneyo, koma chakumbuyo nyamulani chanu. Ngati thumba likulola, CRF1100L Adventure Sports, ya 2020 mpaka 2023, ili ndi malimu opanda chubu, cruise control ndi thanki ya malita 24.8. Kwa munthu wochoka pa GS, imeneyi ndiye yoyenera kuiyang'ana poyamba. Ya 1000 Adventure Sports ya 2018 ili ndi thanki yaikulu, malita 24.2, koma ikadali ya machubu ndipo ndi yaitali kwambiri, chishalo chili pa mamilimita 900 chikatsitsidwa. Ngati si inu wamtali, mapazi sadzafika bwino pansi.

Palinso zimene thupi liyenera kuphunzira mwatsopano, ndipo izi sizitheka pa sabata imodzi. Kutsogolo kwa GS kuli dongosolo lija amalitcha Telelever, limene limachititsa kuti ukamanga mabuleki mwamphamvu njinga isaweramire kutsogolo. Africa Twin imawerama ndithu, mphuno pansi, ndipo tsiku loyamba mbuzi ikadumphira mumsewu mtima umachita phaa poganiza kuti mukugwa. Simukugwa, ndi mmene mafoloko aatali amachitira, koma dzanja liyenera kuzolowera kufinya pang'ono kaye kenako mwamphamvu. Batani la hutala pa Honda lili pamwamba pa la indiketa, ndiye masiku oyamba mudzakhala mukuimbira anthu hutala pamene mumafuna kukhota. Ikagwa, GS imatsamira pa silinda, siifika pansi penipeni, ndipo kuidzutsa nkosavuta. Africa Twin imagona chogonerathu, muyenera kuidzutsa kuchokera pa dothi.

Mukasankha ya DCT, ija yosintha magiya yokha, onjezani makilogalamu 10 ndi maphunziro ena. Kilatchi palibe. Pa ya 1000, chogwirira chimene chili kumanzere, patali pang'ono ndi zala, ndi buleki yoimikira, chifukwa njinga imeneyi siingasiyidwe mu giya ikazimitsidwa. Mukaiimika pa mtsetse osakoka chimenecho idzatsika yokha. Pokhota pang'onopang'ono, monga pakati pa malole pa boda, phazi liyenera kukhala pa buleki yakumbuyo m'malo mwa kilatchi. Pa mzere wa magalimoto ndi pa chitunda cha miyala ndi yokoma kwambiri chifukwa siizima. Koma batire ikafa simungaikankhe kuti ilire, ndiye kabatire kothandizira kazikhala m'chikwama.

Za mafuta: GS wamba ili ndi malita 20, Africa Twin wamba 18.8, ndipo zonse zimayenda makilomita pafupifupi 20 pa lita ukamayenda mwaulemu. Petulo wa ku Zimbabwe ndi wa kwathu ndi wosakaniza ndi ethanol, ndipo injini ya Honda siisankha kwambiri. Chimene mukudziwa kale n'chakuti zaka zapitazi mafuta kwathu akhala akusowa, mizere n'kumagona pa filing'i siteshoni. Thirani modzaza ku Tete kapena ku Moatize, ndipo malita asanu kapena asanu ndi limodzi owonjezera a Adventure Sports angakupulumutseni ku petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu.

Nthawi ndiyo ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Njinga yogula mu Novembala siyenera kuona Beitbridge mu Disembala. Mapepala a umwini ayenera kukhala m'dzina lanu, ndipo ngati mwagula pa ngongole, banki iyenera kukulemberani kalata yololeza kutulutsa njingayo m'dziko, apo ayi pa boda simudutsa. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, mufunika miyezi yoti muidziwe: ngati imadya oyilo, ngati masipoko achita dzimbiri, ngati mafoloko akudontha, ngati mwiniwake woyamba anaona mavalavu pa 24,000 kapena anangodumpha. GS yanu mukuidziwa kale kulira kwake konse. Maganizo anga ndi oti Disembala uno mupite nayo imeneyo, muiveke mateyala a mano okhoza matope, ndipo musananyamuke mukafunse ndi nambala ya chesisi ngati ntchito yoyang'ana shafiti imene BMW inalengeza pa ma GS a 2013 kupita m'tsogolo inachitika pa yanu. Mukakafika ku Neno muone bwino pamene yakuvutani. Ngati ndi pa matope ndi pa mikwasa, ndipo mumayenda nokha, mukabwerera mu Januwale yesani Africa Twin ya magiya a phazi ndi ya DCT, iliyonse kwa ola lathunthu, pa phula ndi pa fumbi pomwe. Ngati muli cha ku Midrand kapena Kempton Park ndilembereni ku inbox, Loweruka lina mudzakwere yangayi tikazungulire misewu yafumbi ya ku Magaliesburg, mudzayesenso kuchotsa teyala lakumbuyo ndi manja anu.