Musapakenso vanishi pa khonde limenelo

Achimwene, mwafunsa za khonde lanu la matabwa limene vanishi wake wasupuka, komanso za mitengo ya mpanda. Imani kaye, musagule vanishi wina. Khonde la matabwa ku Senga Bay kusupuka chonchi miyezi isanu isanakwane si tsoka ayi, ndi ntchito ya mmisiri amene amangofuna kuti pawale tsiku lolandira ndalama. Zimandiwawa zimenezi. Amabwera ndi vanishi wa m'nyumba, wa matebulo ndi zitseko za kuchipinda, n'kupaka dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, pa matabwa aawisi ongochoka kumene kocheka. Inu mukuyamikira kunyezimira, iye uyo wakwera minibasi.

Vanishi salowa m'thabwa, amangoyala pamwamba ngati pepala la pulasitiki. Koma thabwa limafufuma kukanyowa, limanyala kukauma, ndipo dzuwa la kunyanja limaumitsa khungu lija mpaka kuchita timing'alu tosaoneka ndi maso. Mvula ya Disembala imalowera m'menemo, potulukira palibe. Ziyamba ndi zigamba zotuwa ngati patayika mkaka. Kenako pada mozungulira msomali uliwonse. Pofika Febuluwale tsache likunyamula makoko a vanishi, pansi pake thabwa lakuda ndi chuku, loterera ngati therere, mwana akabwera chothamanga kuchokera kosambira ndiye chagada. Muyimbireni mmisiriyo mumve, akuuzani kuti chaka chino mvula yachuluka. Ngati kuti pali chaka chimene mvula siigwa!

Panopa musakhudze chilichonse, dikirani mvula ithe matabwa aume. Nthawi yabwino ndi Julayi mpaka Seputembala. Palani vanishi yense, osasiyako olo kachigamba, chifukwa mafuta a matabwa amene mudzapake m'malo mwake sadutsa pa vanishi. Sandipepa wokhakhala wa nambala 60 kapena 80 poyamba, kumalizira wosalalirako wa 120, motsatira mizere ya thabwa. Wosalala kuposa pamenepo amatseka timabowo ta thabwa, mafuta osalowanso. Chukucho tsukani ndi Jik, kapu imodzi ku makapu anayi a madzi, kwechani ndi bulashi yolimba, tsukuluzani ndi madzi ambiri, pakhale masiku atatu a dzuwa. Kuda kwa pa misomali Jik sachotsa, chimenecho ndi chitsulo chadyana ndi utomoni wa mtengo, mankhwala ake ndi oxalic acid. Koma misomali wamba ikatsala momwemo kudako kubweranso, ndiye zulani muike masikuluwu osachita dzimbiri msanga, a galvanised kapena stainless. Pa paini wothiridwa mankhwala oteteza ku chiswe ndi kuwola otchedwa CCA, uja wobiriwira, msomali wamba umachita dzimbiri msanga kwambiri chifukwa mankhwalawo muli kopa.

Musanapake donthezani madzi pa thabwa. Akalowa m'kanthawi kochepa, thabwa lakonzeka. Akangokhala timipira pamwamba, palaninso. Gulani mafuta olowa m'thabwa, pachitini palembedwe penetrating oil kapena decking oil, ndipo akhale a mtundu, abulawuni kapena ofiirira. Oyera ngati madzi aja amaoneka bwino sabata yoyamba koma satchinga dzuwa, chimene chimatchinga ndi utotowo. Lita imodzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10 ulendo woyamba, thabwa louma kwambiri limamwa koposa pamenepo. Pakani madzulo dzuwa litapendeka kapena m'mawa mame atauma, matabwa awiri kapena atatu kuchokera kumutu mpaka kumapeto osaima pakati. Pakatha mphindi 20 pukutani otsala onse ndi nsanza. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amati mafuta ochuluka ndiye chitetezo, mapeto ake khonde limamata kumapazi mwezi wathunthu, mchenga wonse wa kunyanja kukakamira pomwepo. Mawa lake bwerezani mopyapyala. Kumutu kwa thabwa, kumene anadula ndi sowo, pakani katatu, kumamwa madzi ngati bango ndipo kuwola kumayambira komweko. Pakati pa matabwa pakhale mpata wa mamilimita 5, muzichotsamo masamba ndi mchenga. Nsanza za mafuta, makamaka a linseed, musaziunjike pakona, zimatentha n'kuyaka zokha. Ziyanikeni chotambasula kapena ziviikeni m'ndowa ya madzi.

Za mpanda mwafunsazo, chimene chimagwetsa si dzuwa, ndi chinyezi ndi chiswe pamene mtengo wakumana ndi dothi. Mitengo yothira mankhwala ili ndi magiredi ake, yolowa pansi ikhale ya H4. H3 ndi ya pamwamba posakhudza nthaka, H5 ndi ya malo a madzi. Ogulitsa ena alibe manyazi, amangoviika bulugamu m'madzi obiriwira n'kumati ndi wothira mankhwala. Dulani kachidutswa muone. Wothiridwa ndi makina mankhwala amalowa mkombero wonse woyera wa kunja, wachinyengo mkati ndi woyera mbee kungodutsa khungu. M'dzenje yambani ndi miyala ya kwale masentimita 10, imikani mtengo, simenti izungulire m'mbali mokha ndipo pamwamba ikhale yotsetsereka. Mukathira simenti pansi pa mtengo mwaumba mphika, madzi azikhala momwemo. Zidutswa za CCA musasonkhere moto wophikira, utsi ndi phulusa lake muli poizoni wa arsenic. Oyilo wakutha wa galimoto ena amapaka pa mitengo ya mpanda, koma pa khonde poyenda ana opanda nsapato ayi ndithu.

Mafutawa muzibwereza chaka chilichonse mvula isanayambe, kungotsuka n'kupaka kamodzi, osapalanso. Komatu ngati matabwa anuwo ndi mlombwa weniweni, wa mtima wofiira osati woyera wa m'mphepete uja umafumbwa, mukhoza kungopala n'kuusiya osapaka kanthu. Utuwa ngati phulusa, uchita timing'alu, koma suwola msanga. Ndipo mbali imene ili pansi pa denga, posafika mvula ndi dzuwa la masana, vanishi wa marine, uja wa maboti, amakhalitsa ndithu, bola muzimukwecha pang'ono ndi sandipepa wa 220 n'kuonjezera asanayambe kung'aluka. Tumizani chithunzi cha kumutu kwa thabwa tione ngati ndi mlombwa kapena anakugulitsani paini wopaka utoto.