Funsani Malume: Aleksandrovka wake uti?

Malume, ine ndine mayi wa ku Ntcheu koma ndikukhala ku Rosettenville kuno ku Joni. Mwana wanga wamwamuna akuphunzira udotolo ku Russia, nde holide ino mnzake wa mkalasi wamutengera kumudzi kwawo, wandilembera kuti mudziwo dzina lake ndi Aleksandrovka. Nditalemba dzinalo pa Google Maps andibweretsera ma Aleksandrovka mbwee, wina kufupi ndi Ukraine wina uko kumalire ndi China. Kodi mwanayu akundinamiza kapena foni yangayi ndi imene yabalalika? Ndi nkhondo ili kumenekoyi tulo sindikutiona.
Mayi wodandaula, Rosettenville

Mayi, khazikani mtima pansi kaye, mwana sakunama ndipo foni yanu ilibwino. Ma Aleksandrovka alikodi ambirimbiri ku Russia, chimodzimodzi Ivanovka, Mikhailovka, Nikolayevka, moti m'chigawo chimodzi chokha mutha kupeza angapo. Mwana wanuyo wangokuuzani adilesi yoduka basi.

Taganizani mukamalemba fomu ya chiphaso kumudzi kuja, simungolemba dzina la mudzi n'kusiya pomwepo, amafunanso T/A ndi boma chifukwa amadziwa kuti maina a midzi amabwerezeka. Ku Russia nakonso zimayenda ndi makwerero. Pamwamba pali chigawo chachikulu chimene amati oblast, kwina amati krai kwinanso republic, pansi pake pali raion imene tingati ndi boma, kenako kagulu ka midzi yoyandikana kokhala ndi ofesi imodzi, kamene ambiri amakatchulabe kuti selsoviet kuchokera nthawi ya Soviet Union, pomaliza ndiye mudziwo. Munthu wakumeneko akafuna kuti umumve bwino amatchula mudzi, raion ndi oblast pamodzi.

Nanga maina anachulukana bwanji chonchi? Midzi yambiri inkatenga dzina la mwini munda kapena munthu amene anayamba kukhalapo, nde dziko lodzadza ndi ma Ivan ndi ma Aleksandr mukuganiza zikanatha bwanji, komanso mafumu awo atatu anali ma Aleksandr. Ina inatenga dzina la tchalitchi cha Orthodox chimene chinali pamudzipo, n'chifukwa chake Nikolskoye, Troitskoye ndi Pokrovskoye ali ponseponse. Rasputin uja, mkulu amene anasokoneza banja la mfumu yomaliza ya Russia, anabadwira ku Pokrovskoye wa m'mbali mwa mtsinje wa Tura ku Siberia, lero ndi Tyumen Oblast, koma mukangolemba Pokrovskoye yekha mapu atha kukuponyani kwina kutali zedi. Kenako pali nkhani ya kusamuka, ukapolo wa alimi utathetsedwa mu 1861 komanso kuyambira 1906 nthawi ya nduna Stolypin, anthu ochuluka anasamukira ku Siberia ndi kum'mawa kukasaka minda, akafika uko ena ankangoupatsa mudzi watsopano dzina la kwawo kumene achoka. Midzi yoposa 150,000 imene anaiwerenga pa kalembera wa 2010 maina atsopano akanachokera kuti okwana yonseyo.

Apa mvetserani bwino mayi chifukwa ndi pamene anthu amasocherera. Ngakhale dzina la raion nalonso limabwerezeka! A chikomyunizimu atatenga boma anakonza maboma atsopanowa m'zaka za m'ma 1920, nde maina ankangozungulira pa Lenin mtsogoleri wawo, pa October mwezi umene anatengera boma, ndi pa 1 May tsiku la anthu ogwira ntchito. Oktyabrsky raion ilipo ku Kursk Oblast kumene kwachita malire ndi Ukraine, ilinso ku Amur Oblast kumene kwachita malire ndi China, ilinso ku Rostov, ku Volgograd ndi kwina. Gorbachev, mtsogoleri womaliza wa Soviet Union, anabadwa mu 1931 m'mudzi wa Privolnoye umene lero uli mu Krasnogvardeysky raion ku Stavropol Krai, koma Krasnogvardeysky ina ili ku Belgorod, ina ku Orenburg. Ine ndimaona kuti apa akuluakulu aja anachita ulesi ndithu, dziko la nthawi zosiyana 11 koma kumangobwereza maina omweomwewo.

Nde musamufunse mwanayo dzina la boma lokha ayi. Muuzeni akulembereni oblast, raion ndi nambala ya positi, kumeneko imakhala ya manambala 6 osati 4 ngati kuno ku South Africa, mayi wa mnzakeyo amaidziwa pamtima. Akulemberenso m'zilembo za Chirasha kuti mungokopa n'kuika pa mapu, chifukwa m'zilembo zathuzi ena amalemba Alexandrovka ena Aleksandrovka ndipo foni imasokonezeka nazo. Akatchula Belgorod, Kursk kapena Bryansk, madera amenewo ndi a m'malire ndipo akhala akukhudzidwa ndi nkhondoyi, pamenepo muli ndi ufulu wonse monga kholo womuuza kuti abwerere kusukulu. Akati Omsk kapena Tomsk ndi ku Siberia kumeneko, kutali kwambiri ndi malire a Ukraine.

Malume, takangana ku saluni kuno, mnzanga akuti Rostov ndi mzinda umodzi ine ndikuti ilipo iwiri, tabetcherana kumeta ulere. Walondola ndani?
Mnyamata wometa, Turffontein

Mphwanga wawina ndiwe. Pali Rostov-on-Don kumwera, mzinda waukulu wa anthu oposa 1 miliyoni umene unachititsa nawo World Cup ya 2018, ndiye palinso Rostov wakale, katauni kakang'ono ka ku Yaroslavl Oblast kumpoto chakum'mawa kwa Moscow. Novgorod nayenso alipo awiri, Veliky ndi Nizhny, koma zimenezo usamuuze mnzakoyo, ubetcherane nayenso mwezi wa mawa.