Mwana wanga akuti Baibulo limadzitsutsa, ndimuyankhe bwanji?

Mayi wina wa ku Ndirande watilembera imelo. Mnyamata wawo, yemwe ali kukoleji, wasiya kupita kutchalitchi. Akuti Baibulo limadzitsutsa, pemphero silichiza munthu, ndiponso Mulungu wachikondi sakanalola zimene zinachitika ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Mayiwa akufunsa ngati zimenezi zili zoona, nanga ayambire pati.

Mayi, musathamangire kunena kuti mwanayu wagwidwa ndi ziwanda. Zina mwa zomwe akunenazo n'zoona, ndipo mungadzionere nokha m'Baibulo lanu lomwelo.

Tsegulani Mateyu 27 kuyambira ndime 5, chala china chikhale pa Machitidwe 1:18. Mateyu akuti Yudasi anaponya ndalama m'kachisi n'kukadzimangirira, ndipo munda anagula ndi ansembe. Machitidwe akuti anagula munda ndi Yudasi mwiniwake, n'kugwa chamutu, mimba n'kuphulika. Alaliki ambiri amalumikiza ziwirizi ponena kuti chingwe chinaduka, koma palibe ndime yonena zimenezo. Yovuta kwambiri ndi ya kubadwa kwa Yesu. Mateyu 2 akuti kunali m'masiku a mfumu Herode, amene anamwalira cha mu 4 BC, pomwe Luka 2:2 akutchula kalembera wa m'nthawi ya Kureniyo, bwanamkubwa wa Siriya, kalembera amene wolemba mbiri wachiyuda Josephus anamuika cha mu 6 AD. Pakati pakepo pali zaka pafupifupi khumi, ndipo akatswiri akali kukangana mpaka lero.

Kenaka onani Marko 16:9-20. Mabuku awiri akale kwambiri a Baibulo la Chigiriki, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, olembedwa m'zaka za m'ma 300, amamaliza buku la Marko pa ndime 8. Mabaibulo ambiri atsopano amalemba zimenezi m'timawu tapansi pa tsamba, timene ambirife timangodumpha. Ndime yotchuka ija yogwira njoka, kumwa chakupha osafa ndi kusanjika manja pa odwala ili m'gawo lomweli.

Zimenezi zikugwetsa chiphunzitso chakuti mawu onse anatsika kumwamba ali olembedwa kale. Koma mwana wanu akadzafika ponena kuti Yesu sanakhaleko n'komwe, pamenepo wapyola malire. Akatswiri ambiri a mbiri yakale, ngakhale osapemphera, amavomereza kuti analipo ndipo anapachikidwa m'nthawi ya Pilato. Tacitus, Mroma amene sankawakonda Akhristu, analemba zimenezi cha mu 116 AD.

Za pemphero, mwina mnyamatayo akunena za kafukufuku amene anatuluka ku America mu 2006, wotsogoleredwa ndi Herbert Benson. Anatenga odwala 1,802 ochitidwa opaleshoni ya mtima n'kuwagawa patatu. Mwa omwe anapemphereredwa osatsimikiziridwa, 52 pa 100 aliwonse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni. Mwa osapemphereredwa anali 51. Mwa omwe anauzidwa motsimikiza kuti akupemphereredwa anali 59. Kafukufukuyu sanayeze mtendere umene munthu amapeza akagwada, koma anaonetsa kuti pemphero la anthu akutali silinasinthe kachiridwe ka thupi. Maumboni a kutchalitchi amatisocheretsa pa chifukwa chimodzi: amaimirira kutsogolo ndi amene anachira, amene anamwalira palibe wowawerenga.

Apa ndi pamene pamandiwawa, chifukwa pamatayika miyoyo. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka kusaoneka poyeza viral load (kuchuluka kwake m'magazi). Wina amamuuza kuti wachiritsidwa, ataye mabotolo. Kachilomboko kamakhala kabisala m'thupi, ndipo akasiya mankhwala kamachulukanso m'masabata ochepa chabe. Kumwa modukizadukiza kumachititsanso kuti mankhwalawo asiye kugwira ntchito. Malungo n'chimodzimodzi: LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo kutentha thupi kumatsika tizilombo tisanathe. Pa nkhani iyi mugwirizane naye mwana wanu mosabisa mawu. Pempherani, koma wodwala apite ku Queens kapena kuchipatala chapafupi, ndipo amalize mankhwala.

Funso la Chilobwe ndi lolemera kuposa onse. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku, n'kukwirira mabanja ali m'tulo. Yankho lozolowereka lakuti Mulungu anatipatsa ufulu wosankha limafotokoza za wakuba ndi wakupha. Lingafikeko pa kudula mitengo ndi kumanga m'mphepete mwa phiri, koma silifika pa khanda limene linapita ndi madzi. Chonde musanene kuti chinali chilango cha machimo. Pa Luka 13:4 Yesu mwini anakana maganizo amenewo pokamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera. Buku la Yobu nalonso limatha Mulungu atadzudzula abwenzi amene ankati masautso a Yobu n'chifukwa cha tchimo lake.

Mukakhala naye pansi, tengani mfundo imodzi pa tsiku, osati zonse pamodzi. Iye awerenge mokweza ndime zonse ziwiri, kuphatikizapo timawu tapansi tija, kenaka mumufunse kuti ndi chiyani kwenikweni chimene ndimezo zagwetsa. Yambani ndi ya Yudasi, ndi yaifupi.