Kuyeza mitengo yopita ku makala pa kafukufuku wa ku yunivesite

Achimwene, mwafunsa mmene mungawerengere mitengo imene ikuthera ku makala ku Katete. Yambirani kwa mfumu ya mudzi ndi ku ofesi ya zankhalango. Mukangolowa m'tchire ndi tepi yoyezera osalonjera, owotcha makala adzakuyesani akazitape, sadzakuuzani zoona.

Khomani chikhomo, mangani chingwe cha mamita 11.3, muzungulire. Bwalo limenelo ndi masikweya mita pafupifupi 400, ndiye mabwalo 25 akwana hekitala imodzi. Pamalo otsetsereka chingwe chikhale chopingasa, chisatsate nthaka, apo ayi bwalo lichepa.

Mtengo uliwonse wa m'bwalomo muuyeze kuzungulira thunthu pa mamita 1.3 kuchokera pansi, mugawe ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwake. Ambiri amasokonezeka pa mphanda: ikayambira m'munsi mwa 1.3, muwerenge ngati mitengo iwiri. Zitsa muziyezenso koma muzilembe padera, poti patsinde pamanenepa kuposa pathunthu.

Matumba a makala musawakhulupirire. Thumba lolembedwa 50 kg, lokhala ndi mutu wolukidwa ndi luzi, sililemera mofanana ndi linzake. Pimani pa sikelo makala ali ouma. Lembani mtengo wogulitsira wa pauvuni ndi wa mu Chipata, chifukwa kusiyana kwakeko ndiko kumaonetsa amene akudya phindu.